Misakanizo ndi masolushoni: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amafunsidwa kawirikawiri ndi ophunzira amene angoyamba kemisitiri, komanso anthu amene amangofuna kudziwa zimene zimachitika zinthu ziwiri zikasakanikirana. Sanasanjidwe motsatira silabasi iliyonse. Mayankho ambiri atsamira pa zinthu ziwiri: kukula kwa tinthu tomwe tasakanikiranato, ndi mmene tinthuto timakokerana.

Kodi msakanizo umasiyana bwanji ndi kompaundi?

Msakanizo ndi zinthu ziwiri kapena kuposa zimene zili pamodzi koma chilichonse chikadali ndi khalidwe lake. Mukathira mchere mumchenga n'kutakasa, mcherewo ndi mcherebe, mchenganso ndi mchengabe, ndipo mukhoza kuchulutsa chimodzi kapena kuchepetsa chinzake mmene mukufunira. Mu kompaundi maatomu a zinthu zosiyana amagwirana n'kupanga chinthu chatsopano, ndipo amagwirana pa mlingo wosasintha. Madzi, kulikonse kumene mungawatunge, ali ndi galamu 1 ya haidirojeni pa magalamu 8 alionse a okosijeni. Amene analimbikira mfundo ya mlingo wosasinthayi ndi Joseph Proust wa ku France, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700.

Aphunzitsi ambiri amasonyeza kusiyanaku ndi ufa wa chitsulo ndi sulufule. Mukasakaniza magalamu 7 a chitsulo ndi magalamu 4 a sulufule mumaona tinthu totuwa ndi tachikasu, ndipo maginito akadutsa pamwamba, chitsulo chimanyamuka kusiya sulufule pansi. Mukautenthetsa msakanizo womwewo mpaka kufiira, pamatsala chibuluma chakuda chotchedwa iron sulfide. Chikasu chija sichionekanso, ndipo maginito sangathe kuzulamo chitsulo.

Nanga solushoni n'chiyani?

Ndi msakanizo umene wasakanikirana mpaka kufika pa mamolekyu (timagulu ta maatomu ogwirana) kapena maayoni (maatomu okhala ndi chaji ya magetsi), moti dontho lililonse limafanana ndi linzake. Chinthu chimene chalowacho timati chosungunuka, chimene chachilandira, chomwe nthawi zambiri ndi chochuluka, timati chosungunulira. Tinthu ta mu solushoni sitifika pa nanomita imodzi kukula kwake, ndipo mu milimita imodzi muli mananomita 1,000,000. N'chifukwa chake sitidikha pansi ngakhale botolo litakhala chaka osagwedezedwa, ndipo timadutsa papepala losefera popanda chotsalira.

Solushoni imaonekera mkati, koma ikhoza kukhala ndi mtundu. Copper sulfate akasungunuka amapereka madzi abuluu oti mukhoza kuwerenga zilembo kuseri kwake.

Sikuti masolushoni onse ndi amadzimadzi. Mpweya umene tikupumawu ndi solushoni ya magasi: pafupifupi 78 peresenti ndi nayitrojeni, 21 peresenti okosijeni, 0.93 peresenti argon, ndipo kaboni dayokisaidi ndi 0.04 peresenti chabe. Zitsulo zambiri zogwiritsa ntchito n'zosakanizanso: brass ndi kopa wosakaniza ndi zinki, ndipo golide wa makarati 18 ali ndi golide weniweni 75 peresenti, chotsalacho ndi siliva, kopa kapena zitsulo zina zomulimbitsa.

Mchere ukasungunuka m'madzi umapita kuti?

Supita kulikonse. Yezani madzi magalamu 100, thiranimo mchere magalamu 10, mutakase mpaka usaonekenso: sikelo iwerenga magalamu 110. Mukawasiya madziwo aume, mcherewo mumaupeza pansi pa mbale.

Chimene chachitika ndi ichi. Kambulu ka mchere ndi maayoni a sodium ndi a chloride osanjana mwadongosolo. A sodium ali ndi chaji ya pozitivu, a chloride ya negativu, ndipo amakokana mwamphamvu. Molekyu ya madzi nayo ili ndi mbali ziwiri. Kumene kuli okosijeni kwapendekera ku negativu, kumene kuli haidirojeni kwapendekera ku pozitivu. Madzi akakhudza kambulu kaja, mamolekyu ake amalozetsa mbali ya okosijeni ku sodium ndi mbali ya haidirojeni ku chloride, n'kuyamba kuzula maayoni a m'mphepete imodziimodzi. Ayoni ikangozulidwa imazingidwa ndi mamolekyu a madzi ndipo imayenda nawo choncho, moti sikhalanso ndi mpata wabwino wobwerera kwa anzake.

Shuga amasungunuka mosiyanako. Mamolekyu ake amatayana koma iliyonse imakhala yathunthu, yopanda chaji. Kusiyanaku kumaoneka ndi batire ndi kababu: madzi a mchere amadutsitsa magetsi kababu n'kuyaka, a shuga ayi. Svante Arrhenius wa ku Sweden ndi amene ananena mu 1884 kuti mchere umagawika kukhala maayoni ukangolowa m'madzi. Aphunzitsi ake ku yunivesite ya Uppsala sanachite nayo chidwi ntchitoyo ndipo anaipatsa giredi yotsika, koma mfundo yomweyo inamupatsa mphoto ya Nobel mu 1903.

Kodi zimenezi n'zofanana ndi ayezi akamasungunuka padzuwa?

Ayi. Ayezi ndi chinthu chimodzi chimene chikusintha kuchoka pa cholimba kukhala chamadzimadzi chifukwa cha kutentha basi. Mchere m'kapu ukufunika chinthu chachiwiri choulandira. Kuti mchere wouma usanduke wamadzimadzi paokha pamafunika 801°C, pamene m'madzi umalowa ngakhale ali ozizira.

Ndikasakaniza mamililita 50 a chinthu china ndi 50 a china, n'chifukwa chiyani nthawi zina sizikwana 100?

Kulemera sikusintha, koma malo amene zinthuzo zimatenga akhoza kusintha. Mamililita 50 a ethanol (chinthu choledzeretsa cha mu mowa) ndi 50 a madzi amapereka pafupifupi mamililita 96. Anthu amakonda kuyerekeza ndi mchenga wothira mundowa ya miyala, umene umalowa m'mipata. Fanizolo limathandiza pang'ono, koma chenicheni n'chakuti mamolekyu a madzi ndi a ethanol amakokana n'kuyandikana kwambiri kuposa mmene analili payekhapayekha. Ichi ndi chifukwa chake mu labotale sapanga lita ya solushoni pophatikiza manambala. Amathira madzi mpaka afike pa mzere wa botolo loyezera.

N'chifukwa chiyani mafuta salowa m'madzi, ndipo sopo amathandiza bwanji?

Mamolekyu a mafuta ndi mizere yaitali ya kaboni ndi haidirojeni yopanda mbali ya pozitivu kapena negativu. Madzi sapezapo pogwira. Mamolekyu a madzi amakokana okhaokha mwamphamvu, ndiye mafutawo amakankhidwira kunja n'kusonkhana paokha. Amayandama chifukwa ndi opepuka poyerekeza ndi madzi. Lamulo losavuta kukumbukira ndi lakuti zofanana zimasungunulana: madzi amalandira mchere, shuga ndi ethanol, pamene girisi ndi penti ya mafuta zimamvera palafini kapena thina.

Molekyu ya sopo ili ndi mutu umene umagwirizana ndi madzi ndi mchira wautali umene umagwirizana ndi mafuta. Michirayo imalowa m'kadontho ka mafuta, mitu n'kutsala kunja, ndipo kadonthoko kamatengedwa ndi madzi otsukira. Mafutawo sanasungunuke kwenikweni, angogawidwa timadontho tosaoneka ndi maso. M'madzi okhala ndi calcium ndi magnesium wambiri sopo sachita thovu msanga, chifukwa maayoni amenewa amagwira mitu ija n'kupanga litsiro lotuwa limene limakakamira m'mbali mwa beseni.

Kodi madzi angalandire mchere kapena shuga wochuluka bwanji?

Ali ndi malire, ndipo malirewo amasiyana kutali pa chinthu chilichonse. Pa 20°C, madzi magalamu 100 amalandira mchere pafupifupi magalamu 36. Mukapitiriza kuthira, wotsalawo umangokhala pansi ngakhale mutakase tsiku lonse. Pamenepo timati solushoni yakhuta. Madzi omwewo amalandira shuga pafupifupi magalamu 200, kutanthauza shuga wolemera kawiri kuposa madzi omusungunulawo.

Kutentha kumasuntha malirewo, koma mosiyanasiyana. Pa 100°C shuga amafika pafupi ndi magalamu 490. Potassium nitrate amachoka pa magalamu pafupifupi 32 pa 20°C kufika pa oposa 240. Mchere wamba umangosuntha pang'ono, kuchoka pa 36 kufika pa 39, choncho kuwiritsa madzi kuti alandire mchere wambiri n'kutaya nthawi. Ziliponso zina, monga calcium hydroxide, zimene zimasungunuka mochepa madzi akatentha.

Ophunzira ambiri amasokoneza liwiro ndi malire, ndipo pamayeso funso limeneli limagwetsa anthu. Kutakasa ndi kupera chinthu kuti chikhale ufa kumafulumizitsa kusungunuka, chifukwa madzi atsopano amakhudza malo ambiri nthawi imodzi. Malire aja sasintha nazo ngakhale pang'ono.

Solushoni yokhuta imaoneka ngati yaima, koma mkati ntchito ikupitirira: maayoni ena akuchoka pa timibulu, ena akubwererapo pa liwiro lofanana. Ndipo nthawi zina n'zotheka kupitirira malire. Mukakhutitsa madzi otentha ndi sodium acetate n'kuwasiya azizire osagwedeza, amasunga wochuluka kuposa woyenera. Kambulu kamodzi kakagweramo, timibulu timamera paliponse m'kanthawi kochepa ndipo botolo limafunda. Timatumba tofunditsa manja timene timagwiritsidwa ntchito kumayiko ozizira timayendera zimenezi.

Chakumwa cha gasi chimatulukiranji thovu mukachitsegula, makamaka chikakhala chofunda?

Mpweya nawo umasungunuka m'madzi, ndipo umamvera zinthu ziwiri. Choyamba ndi kupanikizika. William Henry wa ku Manchester anasonyeza mu 1803 kuti mukawirikiza kawiri mphamvu imene mpweya ukupanikizira pamwamba pa madzi, wosungunukamo umawirikizanso kawiri. Ku fakitale botolo limatsekedwa mpweya wa kaboni dayokisaidi uli wopanikizidwa. Mukachotsa chitsekerero kupanikizikako kumatha, madzi amapezeka ali ndi mpweya woposa malire ake atsopano, ndipo wotsalawo umatuluka.

Chachiwiri ndi kutentha, ndipo apa mpweya umachita zotsutsana ndi shuga: madzi akafunda amasunga wochepa. Lita ya madzi abwino imasunga okosijeni pafupifupi mamiligalamu 14.6 pa 0°C, mamiligalamu 9 pa 20°C, ndi 7.5 pa 30°C. Nsomba za m'dziwe losaya zimavutika nyengo yotentha pa chifukwa chimenechi, ndipo zimaoneka zikubwera pamwamba kudzapuma. Timathovu timene timaoneka m'mbali mwa poto madzi asanawire ndi mpweya womwewu ukuthawa.

Lamulo la Henry si la m'botolo mokha. Munthu wosambira pansi pa nyanja, pa mamita 10 alionse amene watsika amawonjezera kupanikizika kofanana ndi kwa mpweya wonse wa pamtunda, ndiye nayitrojeni wambiri amalowa m'magazi ndi m'minofu. Akakwera mofulumira, nayitrojeniyo amatuluka ngati thovu m'thupi, zomwe zimapweteka m'mfundo ndipo zikhoza kupha. Ku Cameroon kuli nyanja ya Nyos, imene ili pakamwa pa phiri lakale lophulika. Madzi ake apansi, ozizira ndi opanikizidwa ndi madzi a pamwamba, anasunga kaboni dayokisaidi wochuluka wochokera pansi pa nthaka. Usiku wa pa 21 Ogasiti 1986 mpweyawo unatuluka nthawi imodzi, ndipo poti ndi wolemera kuposa mpweya wamba unatsetserekera m'zigwa n'kupha anthu oposa 1,700 ndi ziweto zambirimbiri. Kuyambira 2001 anaikamo mapaipi otulutsa mpweyawo pang'onopang'ono.

Mkaka, madzi amatope ndi utsi, kodi nazo ndi masolushoni?

Ayi, ndipo chosiyanitsa ndi kukula kwa tinthu. M'madzi amatope tinthu tambiri n'tatikulu moti timadikha tokha mukawasiya, ndipo sefa imatigwira. Msakanizo wotere umatchedwa suspension. Mankhwala amadzi amene pabotolo analembapo kuti mugwedeze musanamwe ali m'gulu limeneli, ndipo amene sagwedeza amamwa mankhwala ochepa poyamba ndi ochuluka kumapeto kwa botolo.

Pakati pa solushoni ndi suspension pali makoloidi, amene tinthu take tili pakati pa nanomita 1 ndi mananomita 1,000. Dzinali analiyambitsa ndi Thomas Graham wa ku Scotland mu 1861. Mkaka, utsi, thovu, penti ndi jelatini zili m'gulu limeneli. Kuyesa kwake n'kosavuta. M'chipinda chamdima walitsani tochi kudutsa m'kapu ya madzi a mchere: njira ya kuwala simuiona mkati mwa madzi. Dontherezanimo mkaka pang'ono, njirayo ionekera bwinobwino, chifukwa tinthu ta mkaka n'tokula mokwanira kumwaza kuwala. Zimenezi zimadziwika ndi dzina la John Tyndall, amene anazifufuza m'zaka za m'ma 1860.

Nanga tinthuti timalekeranji kudikha? Mbali ina n'chifukwa chakuti mamolekyu a madzi amatigunda mbali zonse osalekeza. Mu 1827 Robert Brown, katswiri wa zomera, anaona pa maikulosikopu tinthu totuluka mu mungu wa maluwa tikunjenjemera m'madzi osaima. Albert Einstein anafotokoza masamu ake mu 1905, ndipo Jean Perrin atayeza n'kupeza kuti masamuwo ndi oona, okayikira ambiri anavomereza kuti mamolekyu alikodi. Mbali ina n'chakuti tinthu ta dongo, mwachitsanzo, tili ndi chaji yofanana, ndiye timakankhana m'malo mogwirana. Oyeretsa madzi a m'mizinda amathiramo aluminium sulfate kuti athetse chajiyo, dongo ligwirane m'magulu olemera n'kumira. Mtsinje wamatope ukafika m'nyanja ya mchere zimachitikanso zokha, ndipo zimathandiza kuti matope aunjikane pamathiriro.

Magazi ali ndi zonse zitatu: mchere ndi shuga zosungunuka, mapuloteni amene ndi koloidi, ndi maselo amene amadikha akazunguzidwa pa makina a centrifuge.

Ngati madzi akuoneka oyera, ndiye kuti mulibe kanthu?

Funso limeneli ndi lofunika kuposa ena onse pano, chifukwa yankho lolakwika limadwalitsa anthu. Chosungunuka sichioneka, ndipo nthawi zambiri sichimveka fungo kapena kukoma. Ku Bangladesh, zitsime zambiri zimene zinakumbidwa kuyambira m'zaka za m'ma 1970 pofuna kupewa matenda a madzi a m'maiwe zinapereka madzi oyera mbee, koma m'zaka za m'ma 1990 zinadziwika kuti zambiri mwa izo zinali ndi poizoni wotchedwa arsenic wochokera m'nthaka. Bungwe la WHO limaika malire a arsenic pa mamiligalamu 0.01 pa lita, ndi a fluoride pa mamiligalamu 1.5 pa lita. Fluoride akapitirira amathimbiriritsa mano, ndipo akachuluka kwambiri kwa zaka amawononga mafupa.

Kuwiritsa kumapha tizilombo toyambitsa matenda, ndipo pa ntchito imeneyo n'kodalirika. Koma sikuchotsa arsenic, fluoride, mtovu kapena mchere. Madzi akamaphwera, zimenezi zimatsala ndipo mlingo wake pa lita umakwera. Sefa ya nsalu kapena ya pepala nayo siyizigwira. Zoyera zimene zimakakamira mu ketulo ndi calcium carbonate, umboni wakuti madzi ooneka oyerawo anali atanyamula katundu.

Msakanizo umalekanitsidwa bwanji?

Mumafunafuna khalidwe limodzi limene zinthuzo zikusiyana, n'kuligwiritsa ntchito. Tengani mchenga, mchere ndi ufa wa chitsulo zili pamodzi. Maginito amayamba, msakanizo ukadali wouma. Kenako mumathira madzi kuti mchere usungunuke, n'kusefa kuti mchenga utsale papepala. Pomaliza mumaumitsa madziwo. Mukasintha ndondomekoyi n'kuyamba ndi madzi, chitsulo chimanyowa, chimamatirana ndi mchenga n'kuyamba dzimbiri.

Ngati mukufuna madziwo osati mchere, njira yake ndi kutcheza: kuwiritsa, kugwira nthunzi, n'kuiziziritsa kuti ibwerere kukhala madzi m'chotengera china. Zamadzimadzi ziwiri zosakanikirana zimalekanitsidwanso motero ngati zimawira pa kutentha kosiyana. Ethanol amawira pa 78°C, madzi pa 100°C, ndiye nthunzi yoyamba imakhala ndi ethanol wambiri. Koma pali khoma: msakanizo ukafika pa ethanol pafupifupi 96 peresenti, nthunzi imatuluka ndi mlingo wofanana ndi wa zotsala mumphika, moti kutcheza kwina sikuwonjezera kanthu. Kuti madzi otsalawo achoke pamafunika njira zina.

Mafakitale akuluakulu amayendera mfundo yomweyi. Mafuta okumbidwa pansi amawiritsidwa m'nsanja zazitali, gasi ndi petulo n'kutulukira kumtunda, palafini ndi dizilo chapakati, phula n'kutsala pansi. Okosijeni wambiri wa m'masilinda amachokera ku mpweya wamba umene waziziritsidwa mpaka kusanduka wamadzimadzi; nayitrojeni amawira pa -196°C, okosijeni pa -183°C, ndipo kusiyana kwa madigiri 13 kumeneku n'kokwanira.

Njira ina yosangalatsa kuyesa ndi chromatography. Dontherezani inki yakuda ya cholembera chosungunuka m'madzi pafupi ndi m'munsi mwa kapepala kosefera, muviike nsonga yokha m'madzi. Madzi akamakwera, mitundu imene imakakamira pepala imatsalira, yokonda madzi imathamanga, ndipo chakuda chija chimagawika mitundu ingapo. Mikhail Tsvet wa ku Russia ndi amene anayambitsa njirayi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, polekanitsa mitundu ya m'masamba mu paipi yagalasi yodzaza ufa wa choko. Lero makina oyeza mankhwala m'magazi ndi m'mkodzo amagwiritsa ntchito mfundo yake.

Mphamvu ya solushoni imayezedwa bwanji?

Kunena kuti yakolera kapena yasukuluka sikukwanira mu labotale kapena kuchipatala, pamafunika nambala. Yodziwika kwambiri ndi peresenti, ndipo pali msampha. Mchere magalamu 10 m'madzi magalamu 100 si 10 peresenti, chifukwa solushoni yonse ikulemera magalamu 110. Mukagawa 10 ndi 110 mumapeza 9.1 peresenti. Kuti ikhale 10 peresenti, madzi akhale magalamu 90.

Zinthu zochepetsetsa zimayezedwa mu ppm, kutanthauza gawo limodzi pa magawo 1,000,000. M'madzi zimafanana ndi miligalamu imodzi pa lita.

Akatswiri a kemisitiri amakonda kuwerenga tinthu m'malo mwa kulemera, chifukwa zinthu zikamagwirana zimagwirana motsatira chiwerengero cha tinthu. Muyeso wake ndi mole, ndipo mole imodzi ndi tinthu 6.022 × 10²³. Mole ya madzi imalemera magalamu 18, ya mchere 58.4, ya shuga wamba 342. Solushoni ya 1 M ya mchere, kutanthauza mole imodzi pa lita, imapangidwa posungunula magalamu 58.4 m'madzi ochepa kaye, kenako n'kuwonjezera madzi mpaka zonse zikwane lita imodzi.

Posukulutsa, kumbukirani kuti madzi owonjezera sasintha kuchuluka kwa chosungunuka. Mamililita 100 a 10 peresenti, kuti atsike kufika pa 2 peresenti, ayenera kufutukuka kasanu, ndiye mumawonjezera madzi mpaka zonse zikwane mamililita 500. Amene amathira mamililita 500 pamwamba pa 100 aja amapeza yofooka kuposa imene amafuna.

Kodi n'zoona kuti mchere umawiritsa madzi msanga?

Si zoona. Chosungunuka chimakweza kutentha kumene madzi amawirira, ngakhale mochepa kwambiri. Supuni yaing'ono ya mchere, pafupifupi magalamu 6, mu lita ya madzi imakweza ndi 0.1°C basi, kuti mukweze ndi digiri imodzi pamafunika magalamu pafupifupi 58. Thovu limene limabuka mukathira mchere m'madzi otsala pang'ono kuwira limabwera chifukwa timibulu tapereka poyambira timathovu.

Kumbali ya kuundana kusinthaku n'kokulirapo. Madzi a m'nyanja ya mchere amaundana pa -1.9°C, ndipo madzi okhala ndi mchere 23 peresenti amafika -21°C asanaundane. Mayiko ozizira amawaza mchere m'misewu pa chifukwa chimenechi, ndipo mu radiator ya galimoto amasakaniza madzi ndi ethylene glycol theka ndi theka, zomwe zimapirira mpaka pafupifupi -37°C. Chofunika apa ndi chiwerengero cha tinthu tosungunuka, osati mtundu wake, monga anasonyezera François-Marie Raoult m'zaka za m'ma 1880. Mole ya mchere imagawika pawiri, sodium ndi chloride, ndiye imagwira ntchito pafupifupi kawiri kuposa mole ya shuga.

N'chifukwa chiyani madzi a m'nyanja ya mchere sathetsa ludzu, pomwe diripi ya kuchipatala ili ndi mchere?

Nkhani yagona pa mlingo. Khungu la selo limalola madzi kudutsa mosavuta kuposa maayoni, ndipo madzi amayenda kuchoka kumene zosungunuka zili zochepa kupita kumene zachuluka. Kuyenda kumeneku ndi osmosis. Diripi wamba ili ndi mchere 0.9 peresenti, magalamu 9 pa lita, mlingo wofanana mphamvu ndi madzi a m'magazi, choncho maselo ofiira satupa kapena kufota. Atathiridwa madzi opanda kanthu m'mitsempha, maselowo angamwe madzi mpaka kuphulika.

Madzi a m'nyanja ya mchere ali ndi mchere pafupifupi magalamu 35 pa kilogalamu, kuwirikiza pafupifupi kanayi mlingo wa diripi. Impso za munthu sizingatulutse mchere umenewo popanda kutaya madzi ochuluka kuposa amene wamwa, ndiye ludzu limangokula. Ku Dead Sea, nyanja imene ili kumalire a Jordan ndi Israel, mcherewo ndi wochuluka pafupifupi kakhumi kuposa wa m'nyanja zikuluzikulu.

ORS ya wodwala matenda otsekula m'mimba imadaliranso mlingo. Paketi ya lita imodzi, malinga ndi muyezo wa WHO ndi UNICEF, ili ndi magalamu 2.6 a mchere, 13.5 a glucose, 1.5 a potassium chloride ndi 2.9 a trisodium citrate. Glucose amathandiza matumbo kuyamwa sodium, madzi n'kutsatira. Kuthira paketiyo m'madzi ochepa poganiza kuti ikhala yamphamvu n'koopsa, makamaka kwa mwana, chifukwa solushoni yokolera kwambiri imakokera madzi m'matumbo m'malo mowalowetsa m'thupi.

Osmosis ikhoza kubwezedwa m'mbuyo. Mukapanikiza madzi a m'nyanja ya mchere pa kansalu kapadera ndi mphamvu yoposa ya osmosis, imene ndi pafupifupi mabar 27 (bar imodzi ndi pafupifupi kupanikizika kwa mpweya wa pamtunda), madzi abwino amadutsa mchere n'kutsala. Mafakitale a ku Saudi Arabia, Israel ndi mayiko ena ouma amachita zimenezi pa mabar 55 kapena kuposa, ndipo mtengo wake waukulu ndi magetsi oyendetsera mapampu.

Bwanji zinthu zina zikamasungunuka madzi amatentha, zina amazizira?

Kuzula tinthu pa kambulu kumadya mphamvu, pamene madzi akamazinga tinthuto mphamvu imatuluka. Zimene dzanja lanu limamva ndi kusiyana kwa ziwirizi. Pa mchere wamba zimatsala pang'ono kufanana, ndiye simumva kanthu. Ammonium nitrate amadya yochuluka kuposa imene amabweza, madzi n'kuzizira. Timapaketi tozizira toika pamalo obinya timagwira ntchito motero. Sodium hydroxide, amene ambiri amamudziwa kuti kositiki soda, amatulutsa kutentha koti chotengera chimatentha m'manja.

Sulfuric acid wamphamvu ndiye woopsa kwambiri, ndipo lamulo lake ndi limodzi: asidi ndi amene amathiridwa m'madzi, pang'onopang'ono, uku mukutakasa. Mukathira madzi mu asidi, madzi ochepawo amayandama pamwamba, amawira nthawi yomweyo n'kuthovukira kumaso pamodzi ndi asidiyo.

Kodi pali zinthu za m'nyumba zimene siziyenera kusakanizidwa?

Zilipo, chifukwa si kusakaniza konse kumene kumathera pa msakanizo. Kwina kumapanga chinthu chatsopano. Bulichi, amene ndi solushoni ya sodium hypochlorite, akakumana ndi asidi, kaya viniga kapena mankhwala ena otsukira chimbudzi, amatulutsa mpweya wa chlorine umene umawotcha maso ndi mapapo. Akakumana ndi mankhwala okhala ndi ammonia amatulutsa mipweya ya chloramine, yoopsanso chimodzimodzi. Bulichi amasukulutsidwa ndi madzi ozizira okha, pa mlingo wolembedwa pabotolo. Zikachitika mwangozi, tulukani m'chipindamo, mawindo ndi zitseko zikhale zotsegula, ndipo ngati chifuwa chikubanika kapena kutsokomola sikukusiya pitani kuchipatala mutatenga mabotolo onse awiri kuti adokotala aone zimene zalembedwapo.